Kodi ndimulole mwana wanga kutenga ngongole ya boma ya kuyunivesite?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu, ndipo ndayifupikitsa pang'ono:

"Ine ndine mayi wamasiye, ndimagulitsa tomato ndi kabichi pamsika wa m'mbali mwa msewu. Mwana wanga wamkazi wachisamba wasankhidwa kupita ku University of Malawi ku Zomba. Chimwemwe chinali chachikulu pakhomo, koma titaona za fizi tulo tinasowa. Aphunzitsi ake akuti apemphe ngongole ya boma. Alamu anga akuti ndisayerekeze kusaina chilichonse, chifukwa mwanayo akadzalephera kubweza, boma lidzalanda munda umene anatisiyira malemu. Mnansi wanga, amene mwana wake anamaliza kale, akuti ndalamazo n'zaulere, palibe amene amabweza. Ndimve ziti? Ngongoleyi imayenda bwanji, ndipo ikamukwanira mwanayu?"

Mayi, choyamba landirani mafuno anga abwino, chifukwa kulera mwana wamkazi ndi ndalama za tomato mpaka kufika posankhidwa kupita ku Zomba si ntchito yamasewera. Mtima ukhale m'malo. Ndagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yoona za umoyo wa ophunzira pa yunivesite ina, ndipo funso lanuli ndalimva kwa makolo ochuluka, ena atakhala pabenchi la panja pa ofesi ndi kalata ya mwana m'manja. Yankho langa mwachidule n'lakuti mwanayo apemphe ngongoleyi, ndipo apemphe msanga. Alamu anu akukuopsezani ndi chinthu chimene si mmene ngongoleyi imayendera, ndipo mnansi wanu akukulimbitsani mtima ndi bodza limene lapweteka anthu ambiri. Choopsa chenicheni chili pena, ndipo onse awiriwo sanachitchule.

Ngongole imeneyi imaperekedwa ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene ophunzira amangolitchula kuti Loans Board, ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, kulowa m'malo mwa bungwe lakale la Public Universities Students Loan Trust. Lamulolo linalipatsa ntchito ziwiri: kubwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, ndi kutolera ngongole kwa onse amene anabwereka, kuphatikizapo amene anabwereka kalekale kuyambira m'ma 1985. Ntchito yachiwiriyi muikumbukire, tibwererako.

Amene amayenera kupempha ndi Mmalawi amene walandiridwa pa sukulu ya ukachenjede yovomerezeka ndi bungwe la National Council for Higher Education, lomwe lija limasankha ana opita ku mayunivesite a boma, ndipo akhale wosowadi. Mwana wanu mbali yoyambayo wadutsa kale. Mbali yachiwiri, yoonetsa kuti ndi wosowa, ndiyo imafuna khama lanu, chifukwa opempha amachuluka kuposa ndalama zimene zilipo chaka chilichonse, ndipo amene amasankha sakudziwani inu, sadziwa msika wanu, amangoona zimene zalembedwa ndi mapepala amene aikidwapo. Mawu akuti "bambo anamwalira" opanda chikalata cha imfa amalemera pang'ono kwambiri. Ngati chikalatacho mulibe, monga zimakhalira ndi maliro ambiri akumudzi, yambani lero kuyenda kwa a mfumu ndi ku ofesi ya kalembera ya boma lanu kuti chipezeke. Chitupa cha unzika cha mwanayo ndi chanu zikhale pafupi. Ngati kusekondale analipiriridwa ndi mpingo, bungwe kapena thumba lothandiza ana osowa, kalata ya mphunzitsi wamkulu yochitira umboni zimenezi ndi yamtengo wapatali, popeza imaonetsa kuti kusowako sikunayambe dzulo pofuna ngongole.

Masiku ano kupempha kumachitika pa intaneti, ndipo pamakhala nthawi yotsegulira ndi yotsekera imene bungwelo limalengeza m'nyuzipepala ndi pa masamba ake. Apa ndi pamene ana akumudzi amagwera kawirikawiri. Ndikukumbuka mnyamata wina amene anabwera ku ofesi sabata yachitatu ya temu, nsapato zili mbuu ndi fumbi, kudzafunsa kuti fomu ya ngongole amatenga chipinda chiti. Nthawi yopempha inali itatsekedwa iye ali kumunda. Anali wosowa kuposa ambiri amene analandira, koma panalibe chimene tikanachita kupatula kumuyendera kwa anthu akufuna kwabwino. Choncho mwana wanu asadikire kufika ku Zomba. Apemphe aphunzitsi aja amene amulangiza kuti amuthandize pa kompyuta ya kusukulu, alembe yekha nambala yachinsinsi yolowera ndi kuisunga, ndipo dzina lilembedwe chimodzimodzi monga lilili pa chitupa cha unzika, pa satifiketi ya MSCE ndi pa akaunti ya kubanki. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kumatha kuchedwetsa ndalama kwa milungu ingapo.

Chenjerani ndi aliyense amene angakuimbireni foni kunena kuti akhoza kulowetsa dzina la mwana wanu pa mndandanda mukamutumizira kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money. Nyengo yopempha ikafika akamberembere oterewa amachuluka ngati ngumbi mvula yoyamba. Ndalama yolipira popempha imalipidwa m'njira imene bungwelo lalengeza, ndipo pamakhala risiti. Komanso musalembe zabodza pofuna kuti nkhani imveke yachisoni. Ndaonapo ana akupha makolo amoyo papepala, ndipo zikadziwika amataya ngongole ndi ulemu womwe. Nkhani yanu ndi yokwanira mmene ilili.

Tsopano za munda wa malemu. Ngongole imeneyi si ya chikole ngati ya kubanki, kumene amafuna mapepala a nyumba kapena a malo asanakupatseni ndalama. Inakonzedwa dala kuti ithandize anthu amene alibe chikole, ndipo chimene boma limadalira ndi malipiro amene mwanayo adzalandire akadzayamba ntchito kapena bizinesi. Wobwereka ndi mwana wanu, ndipo dzina limene lidzakhale m'mabuku ndi lake. Komabe alamu anu ali ndi kachoonadi pang'ono pamene akuti musamangosaina. Pa mapepala pamakhala malo a kholo kapena womuyang'anira, ndipo kusaina monga mboni yotsimikiza kuti zolembedwazo n'zoona kumasiyana ndi kusaina monga womuikira kumbuyo, amene angafunsidwe ngati wobwereka wazemba. Musanaike dzina kapena chidindo cha chala, wina amene mumamukhulupirira akuwerengereni ndime imeneyo ndi kukumasulirani m'Chichewa. Limeneli ndi langizo limene ndimapereka pa pepala lililonse la ngongole, kaya ya feteleza kaya ya njinga. Muwauze alamuwo mwaulemu kuti mwamva nkhawa yawo ndipo mwafufuza, chifukwa m'zaka zinayi zikubwerazi mudzawafuna.

Nanga ndalamazo zimayenda bwanji? Ngongoleyi ili ndi mbali ziwiri zikuluzikulu. Ya fizi sipita m'manja mwa mwana, imapita mwachindunji ku yunivesite, iye amangoona kuti ngongole yake ya kusukulu yatsika. Ya chakudya ndi malo ogona, imene ophunzira amaitchula kuti upkeep, ndiyo imalowa mu akaunti yake ya kubanki. Si onse amene amalandira zonse ziwiri, ndipo ena amapatsidwa gawo chabe la zimene anapempha. Chinanso chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti kulandira chaka choyamba sikutanthauza kuti zaka zonse zinayi zatheka. Mwana amapemphanso chaka chilichonse, ndipo akagona pa nthawi yopempha chaka chachiwiri, amakhala ngati sanalandirepo.

Tiyeni tiwerengere limodzi, monga mumachitira madzulo mukachoka kumsika. Mu 2023 fizi ya ku University of Malawi inakwera kuchoka pa K350,000 kufika pa K650,000 pachaka, ndipo mu 2024 ndalama ya upkeep inakwezedwa kuchoka pa K350,000 kufika pa K560,000 pachaka. Ziwerengerozi zimasintha, choncho zimene zili pa kalata ya mwana wanu ndi pa chilengezo cha chaka chino ndizo muzitsatira, koma zitithandize kuona kukula kwa nkhaniyi. Mwana wolandira zonse ziwiri pa mitengo imeneyi amabwereka K1,210,000 pachaka, ndiye kuti K4,840,000 pa zaka zinayi. Ndi ndalama zambiri kwa munthu wogulitsa tomato, koma kwa munthu wa digiri amene akubweza pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro ake, ndi katundu wonyamulika.

Vuto lili pa K560,000 ija. Mukaigawa pa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu imene mwana amakhala pasukulu, ikubwera K70,000 pamwezi. Malo ogona a pasukulu sakwanira onse, ndipo ophunzira ambiri a ku Zomba amachita lendi ku Chikanda ndi madera ena oyandikira, awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi. Pa K70,000 imeneyo achotsepo lendi, makala, ufa, ndiwo, sopo, zofunika za mwana wamkazi mwezi ndi mwezi, bandulo ya intaneti yolembera ntchito za m'kalasi, ndi kusindikiza mapepala. Kumbukirani kuti kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo inu amene mumakhala pamsika mukudziwa bwino kuposa ine mmene mtengo wa mafuta ophikira ndi shuga wayendera chichokereni nthawi imeneyo. Kuonjezera apo, ndalamayi nthawi zina imafika temu itayamba kale. Milungu yoyambirira imeneyo, pamene mwana ali m'tauni yachilendo, mwininyumba akufuna lendi ya miyezi itatu ndipo mu akaunti mulibe kanthu, ndiyo nthawi imene ine ndimaiopa kwambiri.

Ndimaiopa chifukwa ndi pamene katapila amalowera. Pafupi ndi sukulu iliyonse ya ukachenjede pamakhala anthu, ena mwa iwo ophunzira anzawo, amene amabwereketsa ndalama n'kusunga khadi la kubanki, foni kapena laputopu ya wobwerekayo ngati chikole. Tiyerekeze kuti mwana wabwereka K100,000 pa chiwongoladzanja cha theka pamwezi. Mwezi ukatha akufunika kubweza K150,000. Akalephera, mwezi wachiwiri yafika K225,000, wachitatu K337,500. Upkeep ikamadzalowa, mwini katapila ali kale ndi khadi m'thumba, amakatapa yekha, ndipo mwana amayamba temu ndi ngongole ziwiri koma wopanda chakudya. Ndinaonapo mtsikana wanzeru kwambiri, amene ankakhoza bwino masamu, akulemba mayeso osawerenga chifukwa laputopu yokhala ndi manotsi ake onse inali kwa wakatapila chifukwa cha ngongole imene inayamba ngati ya lendi ya mwezi umodzi. Kwa ana aakazi palinso msampha wina umene inu monga mayi mukuudziwa, wa azibambo a magalimoto amene amaima pachipata Lachisanu madzulo. Njala ndiyo imawatsegulira khomo.

N'chifukwa chake ndimauza makolo kuti mwana akapeza ngongole ya boma, udindo wa pakhomo sunathe, wangopepuka. Konzekerani kuti apite ndi thumba la ufa, nyemba, mtedza, mbaula ndi kandalama ka lendi ya miyezi iwiri yoyambirira, kuti asafike kwa wakatapila akudikira upkeep. Ngati muli mu banki m'khonde, ndi bwino kubwereka kochepa kumeneko, kumene mukudziwana ndipo chiwongoladzanja chimabwerera kwa inu nomwe pogawana, kusiyana n'kuti mwana akabwereke kwa mlendo ku Zomba. Apanso mpamene alamu aja angathandize: mmalo mokangana za munda, apempheni kuti chaka chilichonse pokolola apatule thumba limodzi la chimanga la mwana wa mbale wawo. Ngongole ya fizi yokha muipewe kuitenga kubanki kapena ku mabungwe obwereketsa ndalama za bizinesi, chifukwa kumeneko kubweza kumayamba mwezi wotsatira, pamene digiri idakali kutali zaka zinayi, ndipo kumeneko ndiko chikole chimalandidwadi.

Tibwere kwa mnansi wanu. Zimene akunenazo zili ndi mbiri yake. Kwa zaka zambiri boma linkabwereketsa koma silinkatolera mwamphamvu, mabuku sankasungidwa bwino, ndipo mibadwo ya ophunzira inatuluka ikukhulupirira kuti inali mphatso. Ena mwa iwo lero ndi mabwana akuluakulu. Koma zinthu zinasintha chibwerereni lamulo la 2015. Wobwereka amapatsidwa zaka ziwiri akamaliza maphunziro kuti apeze poima, kenaka ngongoleyo imakhwima ndipo iyenera kuyamba kubwezedwa. Lamulo limapatsa olemba anthu ntchito udindo wodula ngongoleyi pa malipiro a wantchito amene anabwereka ndi kuitumiza ku bungwelo, ndipo olemba ntchito onyalanyaza nawonso amalakwira lamulo. Bungweli lafikapo posindikiza m'nyuzipepala mayina a anthu amene sakubweza, ndipo mbiri ya ngongole yosabwezedwa imatha kufika ku mabungwe amene mabanki amafunsako asanabwereketse munthu ndalama. Mwana wa mnansi wanuyo akhoza kudzazindikira zimenezi tsiku limene adzapite kubanki kukapempha ngongole yomangira nyumba.

Ndinene maganizo anga apa, ngakhale simunandifunse. Thumba limeneli linapangidwa kuti lizizungulira, obweza azithandiza obwera m'mbuyo. Munthu amene anabwereka m'ma 1990, kwacha ili ndi mphamvu, akabweza lero amabweza ndalama imene singagule n'komwe zimene inagula panthawiyo, koma ngakhale yochepayo ena amaikana. Mwana aliyense wosowa amene dzina lake silituluka pa mndandanda amalipira nawo mphwayi imeneyi. Choncho mwana wanu apite akudziwa kuti akubwereka, ndipo mawu akuti "zaulere" asawamvere.

Pangano limene adzasaine ndilo limafotokoza za chiwongoladzanja, nthawi yobwezera ndi chilango cha kuchedwa, ndipo aliwerenge yekha mofatsa, popeza tsopano ndi munthu wamkulu. Kuti amvetse chifukwa chake kuchedwa kumapweteka, muuzeni chitsanzo ichi, chimene ndangopeka kuti masamu aoneke: ngongole ya K1,000,000 pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pachaka imabala K100,000 chaka chilichonse chimene munthu wakhala chete, ndiye kuti wongokhala zaka zisanu amapeza theka la miliyoni litaonjezekera asanabweze ngakhale tambala. Wobweza msanga, ngakhale pang'onopang'ono, amalipira zochepa pamapeto pake. Palibe chomuletsa kuyamba kubweza zaka ziwiri zija zisanathe ngati wapeza ganyu kapena kabizinesi.

Mwina mukudzifunsa kuti nanga akadzamaliza n'kusowa ntchito, monga achinyamata ambiri a madigiri amene tikuwaona m'matauni? Limeneli ndi funso lachilungamo. Kusowa ntchito sikufafaniza ngongole, koma palinso kusiyana kwakukulu pakati pa munthu amene wasowa osadziwika kumene ali ndi amene amalembera bungwelo kufotokoza mmene zinthu zilili, kupereka nambala yake yatsopano ya foni ndi kupempha dongosolo lobweza mogwirizana ndi zimene akupeza. Pa zaka zanga zonse, amene ndawaona akuvutika kwambiri ndi othawa. Chimodzimodzinso mwana akasiyira sukulu panjira, kaya walephera mayeso, kaya wadwala, kaya watenga pathupi, ndalama zimene zinalipidwa kale zimakhalabe ngongole yake, koma tsopano popanda digiri yomuthandiza kubweza. Imeneyi ndiyo ngozi yaikulu ya ngongole ya sukulu kulikonse. Akaona kuti maphunziro akumulemera kapena wakumana ndi vuto, asangonyamula chikwama n'kubwerera ku Ntcheu. Apite kwa mkulu woona za ophunzira akapemphe kuimitsa maphunziro mwadongosolo, kuti malo ake asungike ndipo mabuku a ngongole akhale olondola.

Ngati mndandanda utatuluka dzina lake palibe, musataye mtima ndipo asasiye malo ake. Afunse nthawi yomweyo za njira yodandaulira, aonjezere umboni umene unasowa, ndipo akaonekere ku ofesi yoona za ophunzira pa yunivesite, chifukwa kumeneko ndiko makampani, mabanki, mipingo ndi magulu a ophunzira akale amakafunsa mayina a ana osowa akafuna kuthandiza. Mwana wamanyazi amene amangolira kuchipinda sadziwika. Kwanu komweko fikani ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, kwa khansala ndi kwa phungu wa dera lanu, muli ndi kalata yosankhidwira m'manja. Funsaninso ku yunivesite ngati angalembetse atalipira gawo la fizi uku akudikira zotsatira. Ndipo akakhoza bwino kwambiri, bungwe lomweli lili ndi mbali ya thandizo losabweza la ophunzira ochita bwino koposa, monga dzina lake likunenera, ngakhale olandira amakhala ochepa.

Pali nthawi zitatu zimene ndingakulangizeni kuti musadalire malangizo a m'nyuzipepala ngati anga ano, koma mupite kwa eni ake. Ngati pa pepala pali mawu amene akukuikani inu kapena katundu wanu pa ngongoleyi ndipo simukuwamvetsa, funsani ku bungwelo kapena ku ofesi ya Legal Aid Bureau, yothandiza anthu osowa pa nkhani za malamulo, musanasaine. Ngati mndandanda ukuonetsa kuti mwana walandira koma ku yunivesite akumuuzabe kuti ali ndi ngongole ya fizi, apite ndi mapepala ake ku ofesi ya zachuma ya pasukulupo sabata yomweyo, asadikire nthawi ya mayeso. Ndipo ngati mwamva kuti wagwa m'manja mwa wakatapila kapena mawu ake pafoni akusonyeza kuti wathedwa nzeru, musamukalipire. Kwerani basi mukamuone, ndipo mupite naye kwa alangizi a pasukulupo.

Chomaliza ndi chaching'ono koma chimapulumutsa anthu. Gulani envulopu yaikulu yakhaki kapena kafayilo ka pulasitiki, ndipo chaka chilichonse muziikamo kope la pangano, risiti yopemphera, ndi pepala losonyeza ndalama zimene zinalipidwa ku yunivesite ndi zimene zinalowa mu akaunti. Kope lina likhale ndi mwanayo, lina likhale kwanu m'sutikesi mmene mumasunga makadi a sikelo ndi mapepala a malemu. Pakadzadutsa zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo, kalata yokumbutsa ngongole ikadzabwera ndi chiwerengero chimene sakugwirizana nacho, envulopu imeneyo ndiyo adzapite nayo ku Lilongwe.